Nyimbo za Khirisimasi zinafika bwanji kuno? Mafunso a omvera a ku Domasi

WOULUTSA:  Sabata ino makalata achuluka, ndipo ambiri akufunsa za nyimbo za Khirisimasi. Aphunzitsi athu a zoimbaimba afika kale. Takulandirani, aphunzitsi.

APHUNZITSI: Zikomo achimwene. Tiyeni tiyambepo, nthawi ya pa wailesi sichedwa kutha.

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina, mkulu wa mpingo kufupi ndi Domasi Mission. Akuti: "Nyimbo za Khirisimasi zimene timaimba ku CCAP anabwera nazo ndi amishoni a ku Scotland. Ndiye kuti n'zakwawo?"

APHUNZITSI: Bambo, kunyamula katundu n'kwina, kukhala mwini wake n'kwinanso. Mishoni ya Domasi anaitsegula ndi Alexander Hetherwick mu 1884, m'dera la mfumu Malemia, ngati nthambi ya mishoni ya Blantyre. Anthu amene anawapeza kuno ankayankhula Chiyao, n'chifukwa chake buku lake loyamba la chiyankhulo, la mu 1889, linali la Chiyao. La Chinyanja linabwera pambuyo.

Tsono chimene ambiri sadziwa ndi ichi. Kwawo kwa amishoniwa Khirisimasi sinali tsiku lalikulu. Mpingo wa Chipresibateriya ku Scotland unkaona kuti chikondwererochi sichinalamulidwe m'Baibulo, ndipo mu 1640 nyumba ya malamulo ya kumeneko inathetsa tchuthi cha nyengoyi. Tsiku la 25 Disembala linadzakhala tchuthi cha boma ku Scotland mu 1958. Taganizani, 1958! Hetherwick anakulira m'dziko limene anthu ankapita kuntchito pa Khirisimasi, phwando lenileni n'kumachita pa Chaka Chatsopano. Koma ku Blantyre kunali David Clement Scott, amene anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, munthu wokonda mwambo wa mapemphero ndi kwaya yovala mikanjo, mpaka ena kwawo ankamunena kuti wayandikira kwambiri kwa a Anglican.

Nyimbozo eni ake ndi ambiri. Tengani Hark! The Herald Angels Sing. Mawu ake analemba ndi Charles Wesley, Mngelezi wa Methodist, mu 1739, ndipo mnzake George Whitefield anadzawasintha. Maimbidwe amene timawadziwa ife ndi a Felix Mendelssohn wa ku Germany, amene anawapeka mu 1840 pa chikondwerero chokumbukira makina osindikizira mabuku a Gutenberg. Iye mwini ankati maimbidwewo sangayenerane ndi mawu opatulika. Atamwalira, William Cummings analumikiza ziwirizi mu 1855, ndipo lero palibe amene angazilekanitse. O Come, All Ye Faithful inayamba m'Chilatini ngati Adeste Fideles, ndipo inasindikizidwa mu 1751 ndi John Francis Wade, Mkatolika. Joy to the World ya Isaac Watts, ya mu 1719, inachokera pa Salimo 98, ndipo mwini wake sanailembere Khirisimasi n'komwe. Mukaimba zitatuzi Lamulungu limodzi, ndiye kuti mwaimba ya Methodist, ya Katolika ndi salimo, muli m'tchalitchi cha CCAP.

WOULUTSA: Iyi yachokera kwa mayi wa Mvano ku Songani, ndipo zikuoneka kuti nkhani yake yatentha. Akuti achinyamata akufuna kuimba Silent Night ndi gitala, koma akuluakulu ena akukana, ati nyimbo yolemekezeka chotere gitala aichotsera ulemu. Mayiwa akufunsanso ngati n'zoona kuti nyimboyi inabadwa chifukwa cha makoswe.

APHUNZITSI: Mayi, kawauzeni akuluakuluwo mwaulemu, mutagwada ndithu, kuti tsiku loyamba limene nyimboyi inamveka pa dziko lapansi inaimbidwa ndi gitala. Linali pa 24 Disembala 1818, m'tchalitchi cha Katolika cha St Nicholas m'mudzi wa Oberndorf, kufupi ndi Salzburg ku Austria. Mawu ake, m'Chijeremani, analemba ndi wansembe wachinyamata Joseph Mohr mu 1816. Maimbidwe anapeka ndi Franz Xaver Gruber, mphunzitsi wa pulayimale amenenso ankaimba limba m'tchalitchimo. Anaimba awiriwiri, Mohr ndiye anagwira gitala. Ndime zake zinali zisanu ndi imodzi, ngakhale ambiri lero amaimba zitatu.

Za makoswezo, zoti anadya mvukuto wa limba usiku womwewo, ndi nthano yokoma imene inadzabwera pambuyo. Zimene zili zoona n'zakuti mmisiri wokonza malimba, Karl Mauracher, anatenga nyimboyi n'kupita nayo kwawo kuchigwa cha Zillertal. Kumeneko kunali mabanja oyendayenda akuimba, a Strasser ndi a Rainer, ndipo a Rainer anakaiimba mpaka ku New York mu 1839. Ikuyenda choncho mayina a eni ake anatayika panjira, moti ena ankati ndi ya Mozart, ena ya Haydn. Pepala lolembedwa ndi dzanja la Mohr, lotchula Gruber kuti ndiye mwini maimbidwe, linadzapezeka mu 1995. Mawu a Chingelezi ofala kwambiri ndi a John Freeman Young, a mu 1859, ndipo Bing Crosby anaijambula mu 1935.

Ine pempho langa kwa achinyamatawo ndi limodzi: gitala yekha, pang'onopang'ono. Zoika kiyibodi yogunda ng'oma ngati tili pa ukwati, pamenepo ndiye ndili mbali ya akuluakulu.

WOULUTSA: Wophunzira wina wa pa Domasi College of Education akufunsa chifukwa chimene Chichewa cha m'buku la Nyimbo za Mulungu chimamvekera chachilendo. Akuti mawu ena ndi odulidwa, ndipo mizere yambiri imathera ndi "-tu", "-yo" kapena "-wo".

APHUNZITSI: Khutu lanu ndi labwino, mudzakhala mphunzitsi weniweni. Vuto lake lili pa kagwedwe ka mawu. M'Chichewa timatsindika ndi kutalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Tanenani "Mulungu" kapena "abusa" mumve pamene liwu likukhazikika. Pamene m'nyimbo zambiri za Chingelezi mzere umathera pa phatikizo lotsindika, ndipo noti yaitali imagwera pomwepo. Womasulira akaika mawu a Chichewa monga alili, noti yaitaliyo imagwera pa phatikizo lofooka, mawu n'kumveka opindika. Ndiye ankawonjezera kaphatikizo kamodzi kumapeto kuti kalandire notiyo. Komanso mawu athu ndi aatali. Chimene Mngelezi amanena ndi maphatikizo asanu ndi limodzi, ife chingatitengere khumi ndi awiri, koma manoti ndi omwewo. Apo ndi pamene ankadula mawu, kapena kusiya theka la ganizo.

Sindikuwanyoza ayi, ntchito ija inali yovuta, ndipo sanaigwire azungu okha, panali aphunzitsi ndi alaliki akuda amene ankadziwa chimene pakamwa pa munthu pangalole. Maimbidwewo ankaphunzitsa ndi do re mi pa bolodi, njira imene John Curwen anaifalitsa ku England m'zaka za m'ma 1840 potengera nzeru za mayi Sarah Glover. Sinkafuna limba kapena ndalama, choko basi. N'chifukwa chake mpaka lero kwaya ya kumudzi imatha kugawana mawu anayi popanda choimbira chilichonse.

WOULUTSA: Kalata iyi yandisangalatsa. Alemba ndi agogo ena a kwa Malemia. Akuti iwo ndi Msilamu, Khirisimasi sapemphera, koma bambo awo atabwera ku Joni anabwera ndi gumbagumba ndi mbale ya Jim Reeves, ndipo mudzi wonse unkasonkhana pakhonde. Tsono akutsutsana ndi adzukulu: nyimbo ija ya mwana wa Mariya, mwini wake ndi Jim Reeves kapena Boney M?

APHUNZITSI: Agogo, inu ndi adzukulu nonse mwaphonya, choncho palibe wolipira mnzake. Mary's Boy Child anapeka ndi Jester Hairston, Mmereka wakuda, mdzukulu wa akapolo, katswiri wotsogolera makwaya. Woyamba kuijambula anali Harry Belafonte mu 1956, ndipo chaka chotsatira inakhala nambala wani ku Britain. Jim Reeves anaiika m'chimbale chake cha Twelve Songs of Christmas cha mu 1963. Chaka chotsatira, pa 31 Julayi 1964, anamwalira pa ngozi ya ndege kufupi ndi Nashville. Boney M inabwera mochedwa, mu 1978, n'kuiphatikiza ndi kanyimbo kena, Oh My Lord, ndi kuipatsa ng'oma yovinika. Gululi analipanga ndi Frank Farian ku Germany, koma oimba ake anali ochokera ku zilumba za Caribbean, awiri a ku Jamaica. Chimbale chawo chonse cha Khirisimasi chinatuluka mu 1981, ndipo ndi chimene chimalira m'magolosale ndi m'maminibasi Disembala akangolowa.

Kalata yanu yanenanso china chachikulu. Nyimbo za Khirisimasi sizinalowe muno kudzera pa guwa pokha. Njira yachiwiri inali sutukesi ya wobwera ku migodi. Jim Reeves anali wotchuka kwambiri ku South Africa: anakaimbako mu 1962, anajambulako kanema wa Kimberley Jim, mpaka anaimba nyimbo zina m'Chiafrikaans. Mbale zake zinali mbwee m'masitolo a ku Johannesburg, ndipo amene ankapita pa Wenela kapena ku Salisbury ndi Bulawayo ankabwera nazo pamodzi ndi bulangete ndi njinga. Njira ya Wenela inadzaimitsidwa kwa kanthawi mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, koma apo n'kuti liwu la Jim Reeves litakhazikika kale, ndipo wailesi ya MBC, imene inayamba mu 1964, inapitiriza. Nyimbo zobwera njira imeneyi sizinkafunsa kuti munthu amapemphera kuti. Zinkayendera limodzi ndi mpunga, nkhuku ndi malaya atsopano.

WOULUTSA: Kafunso kafupi ka mwana wa Sitandade 6: Jingle Bells imanena za Yesu?

APHUNZITSI: Ayi mwanawe, ngakhale Khirisimasi siitchula. James Lord Pierpont anaisindikiza ku America mu 1857, ndipo imakamba za kukwera ngolo yopanda mateyala, yokokedwa ndi hatchi pa chipale chofewa. Imba ndithu kusukulu, koma pa sewero la kubadwa kwa Yesu isalowe.

WOULUTSA: Mayi wina wa Anglican ku Malosa akuti zonse zikuoneka kuti zinachokera kunja. Kodi ilipo nyimbo ya Khirisimasi imene inachoka kuno n'kupita kwa azungu?

APHUNZITSI: Ilipo mayi, ndipo funso lanu ndi limene ndimaliyembekezera. Tom Colvin, mbusa wa ku Scotland amene anatumikira mu Sinodi ya Blantyre komanso ku Ghana, anatenga maimbidwe a kuno n'kuikamo mawu a Chingelezi. Ina mwa nyimbo zakezo ndi That Boy-Child of Mary. Maimbidwe ake m'mabuku akunja amatchedwa Blantyre, ndipo ili m'buku la nyimbo la United Methodist ku America la mu 1989. Kaimbidwe kake n'kathu kenikeni, wina kutsogolera ena kuvomera, ndipo nkhani yake ndi ya dzina la mwana wobadwayo, monga timachitira mwana akatuluka m'chikuta. Kumpoto anatitsogolera pa zimenezi: Donald Fraser ku Embangweni ankalimbikitsa Angoni ndi Atumbuka kupeka nyimbo zawo, ndipo mayina a anthu ngati Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula akudziwika mpaka lero. Akatolika nawo, msonkhano wa Vatican wa 1962 mpaka 1965 utatha, anatsegulira ng'oma ndi zisekese pa Misa.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Mukatsegula mabuku akunjawo, dzina la Colvin lilipo, koma pa maimbidwe amangolemba kuti ndi achikhalidwe cha ku Malawi. Komatu maimbidwe sagwa ngati mvula, alipo munthu amene anayamba kuwaimba. Gruber anachita mwayi, mapepala anamuikira umboni. Njira yachitatu imene nyimbo za Khirisimasi zimayendera kuno, ya pakamwa, makolasi a amayi a Mvano ndi tinyimbo ta abusa ndi anzeru a kum'mawa pa sewero la Sande Sukulu, ilibe mapepala. Hugh Tracey anayenda muno ndi makina ake m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Zimene makina otere sanazipeze zimadalira kukumbukira kwa okalamba.

WOULUTSA: Zagwirizana ndi kalata yomaliza. Mtsogoleri wa kwaya ina cha ku Namwera Turn-off akuti ali ndi nyimbo zawozawo za Khirisimasi, koma ndalama za situdiyo alibe. Atani?

APHUNZITSI: Foni ya m'manja ikwanira poyambira. Ino ndi nyengo ya mvula, choncho musajambule madzulo pansi pa malata, mudzangomva chiphokoso. Jambulani m'mawa kusanachite mitambo, mawindo a mbali ya msewu mutatseka. Foniyo isakhale m'manja, muiike pa mpando, mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi kuchokera pa mzere woyamba, ndipo woimba ng'oma akhale kumbuyo kwenikweni chifukwa ng'oma imameza mawu. Musanayambe nyimbo iliyonse, mmodzi anene momveka tsiku, mudzi, mpingo, dzina la nyimbo ndi la amene anaipeka. Ngati munaiphunzira kwa agogo ena, atchuleni, ndipo ngati ali moyo yambani mwawajambula iwo akuimba okha. Mawu ake lembani m'kope, do re mi wake pansi pake. Mukamaliza koperani pa mamemori khadi awiri, imodzi isungidwe kwa mlembi wa mpingo, chifukwa foni imabedwa ndipo imagwera m'madzi.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, aphunzitsi. Makalata otsala tiwerenga sabata yamawa. Agogo a kwa Malemia, itanani adzukulu aja ayandikire wailesi, tikuikireni ya Harry Belafonte ya mu 1956, kenako ya Boney M, mukambirane nokha kuti yokoma ndi iti.