Helikopita Ikatera Pamudzi

Pa chigumula cha mu Januwale 2015, ndiponso pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndege za helikopita zinatumiza chakudya m'madera a ku Nsanje kumene misewu inaduka. Kwa Tengani funso limamveka lakuti, kodi chombo chimenechi chitera bwanji pa bwalo la mpira, pamene ndege za ku Chileka zifuna msewu wautali?

Yankho lake ndi ili. Ndege siuluka mphepo ikapanda kuwomba mapiko ake mwamphamvu, chotero iyamba yathamanga pansi. Koma mapiko a helikopita azungulira okha pamwamba pake, nakankhira mphepo pansi. Ndicho chifukwa chake inyamuka ili pamalo amodzi.

Tsono mphepo yomweyo iulutsa udzu wa padenga, malichero ndi nsalu. Kumchira kulinso timapiko tozungulira msanga kotero kuti maso sationa, ndipo tipha munthu. Aphunzitsi auze ana kuti aziima kutali, asadzere kumbuyo konse. Woitanidwa kukanyamula matumba adikire kufikira woyendetsa amkodola, pamenepo adzere kutsogolo atawerama, wopanda khasu kapena nsungwi paphewa.