Lole Ikaitanidwa ndi Amene Anaipanga: Malangizo kwa Eni Magalimoto a Ntchito

Pa zoopsa zonse zimene zimagwera lole ya ntchito, palibe chimene chimandidetsa nkhawa koposa moto wochokera m'mawaya, pakuti ngozi ya pamsewu imadza dalaivala ali maso, manja ake ali pa chiwongolero, koma moto wa magetsi ukhoza kubuka pakati pa usiku, injini itazima, kiyi ali m'thumba, mwini wake ali m'tulo, katundu wa eni ake atamangidwa kale pamwamba kulindira ulendo wa mbandakucha. Ku America, kuyambira 1999 kufikira 2009, kampani ya Ford inaitanitsa magalimoto oposa 14 miliyoni, ena mwa iwo a ntchito monga F-150 ndi Econoline, chifukwa cha kaswitchi kamodzi kokhala pa mabuleki, kozimitsira chipangizo chosunga liwiro chotchedwa cruise control. Mafuta a mabuleki ankadontha n'kulowa m'kaswitchiko, n'kudya zitsulo zake pang'onopang'ono. Ndipo popeza magetsi ankafikamo usana ndi usiku, ngakhale galimoto itaimikidwa, kankatentha kufikira kuyaka. Mu February 2023 kampani ya Stellantis nayonso inaitanitsa magalimoto a dizilo a Ram pafupifupi 340,000 chifukwa cha relay yopatsira magetsi ku chotenthetsera mpweya wolowa mu injini, ndipo inauza eni ake kuti aziwaimika panja kufikira atakonzedwa.

Kuitanitsa kotereku, kumene Azungu amati recall, ndiko kuvomera kwa wopanga kuti cholakwa chinachokera kufakitale, ndi kuti adzachikonza popanda malipiro. Koma taonani pamene pagona vuto lathu. Kalata yoitanira imapita kwa mwini galimoto wolembedwa m'kaundula wa dziko limene inagulitsidwa koyamba. Tsono Canter, Dyna kapena Elf imene inagwira ntchito zaka zake ku Japan, n'kuwoloka nyanja, n'kutsikira ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Durban, n'kudzafika m'manja mwanu, palibe kalata imene idzailondole. Safunsa anadya phula. Kufunsako kuli ndi inu, ndipo njira yake ndi iyi.

Choyamba, pezani nambala ya galimotoyo, osati ya pa pulati ayi, koma ija inadindidwa ndi wopanga. Magalimoto a ku America ndi ku Ulaya ali ndi nambala yotchedwa VIN, ya zilembo ndi manambala 17, yopezeka m'munsi mwa galasi la kutsogolo kapena pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. M'menemo mulibe zilembo I, O ndi Q, kotero mukaona chozungulira dziwani kuti ndi ziro. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan ali ndi nambala ya chasisi, yofupikirapo, yodindidwa pa chitsulo cha chasisi chenichenicho ndi pa kambale ka m'kabini. Muiwerenge pa chitsulo ndi maso anu, kenaka muiyerekeze ndi ya m'mapepala a galimotoyo, chifukwa dzanja la mlembi limaphonya.

Chachiwiri, pitani nayo nambalayo pa intaneti, ku dziko kumene galimoto inachokera. Ya ku America mufufuze pa tsamba la bungwe la boma lotchedwa NHTSA, limene limaonetsa zoitanidwa zosakonzedwa za zaka 15 zapitazi. Ya ku Britain mufufuze pa tsamba la GOV.UK, kumene nkhani zimenezi zili m'manja mwa bungwe la DVSA, koma kumeneko amafuna nambala ya pulati ya ku Britain kapena mtundu wa galimoto, osati VIN. Ya ku Japan mufufuze pa masamba a opanga eni ake, monga Isuzu, Hino, Toyota ndi Mitsubishi Fuso, amene amalandira nambala ya chasisi. N'zoona kuti alembedwa m'Chijapani, koma foni ya masiku ano imamasulira mokwanira kuti munthu amve chiwalo chimene chili ndi chilema. Mukapeza kanthu, lembani nambala ya chiitanocho ndi dzina la chiwalo. Muzibwereza kufufuzaku kawiri pachaka, pakuti cholakwa china chimaululika galimoto itakalamba kale.

Chachitatu, mverani chimene chalembedwa. Akati imikani panja, imikani panja ndithu, kutali ndi nyumba, kutali ndi nkhokwe, kutali ndi migolo ya dizilo ndi magalimoto anzake, ndipo musaigonetse itasenza fodya, thonje, matabwa kapena feteleza. Ndaona eni malole ambiri akuwapanikiza usiku mu mpanda umodzi, mphuno kumsana kwa inzake, poopa akuba. Nkhawa yawo ndikuimva, koma moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo lole imodzi ikayaka pamalo otere chuma cha zaka khumi chimatha tambala asanalire.

Chachinayi, kaonaneni ndi oimira kampani yopanga galimotoyo m'dziko lanu, mutanyamula nambala ziwiri zija. Pano ndisakunamizeni: lamulo lokakamiza wopanga kukonza mwaulere galimoto yosapitirira zaka 15 ndi la ku America, ndipo silimanga wogulitsa wa dziko lina pa galimoto imene sanaiitanitse yekha. Komabe pemphani, ndipo pemphani mwa kalata. Akakana kukonza mwaulere simunataye ulendo, chifukwa tsopano mukudziwa chiwalo chodwala ndi mankhwala ake, ndipo kawirikawiri mankhwalawo ndi otsika mtengo. Pa magalimoto ambiri a Ford aja anangowonjezera kachingwe ka mawaya kokhala ndi fyuzi. Gulani chiwalo chenicheni, chiikidwe ndi makaniko wodziwa za magetsi, ndipo musunge risiti pamodzi ndi mapepala a galimoto, kuti wodzagula pambuyo panu adzadziwe.

Chachisanu ndicho chimene ndifuna kukhalapo nthawi, popeza chimakhudza lole iliyonse, yoitanidwa ndi yosaitanidwa yomwe. Akulu anati tsoka silinunkha, koma la moto wa m'mawaya lokha limanunkha, ndipo fungo lake ndi la pulasitiki wopserera. Dalaivala akalimva, kapena akaona magetsi akuphethira, batire ikutha mphamvu usiku popanda chifukwa, kapena fyuzi imodzimodziyo ikupsa kachiwiri, aime ndi kunena, ndipo bwana wake asamukalipire chifukwa cha ulendo wochedwa. Fyuzi inapangidwa dala kuti ikhale yofooka, ipse iyoyo kuti waya apulumuke; chotero munthu amene aichotsa n'kumangapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, kapena kuikapo ya nambala yokulirapo kuti ileke kumuvutitsa, wachotsa mlonda pachipata n'kusiya khomo lotsegula. Kamodzi pamwezi tsatirani mawaya ndi tochi, makamaka waya wonenepa wochoka ku batire kupita ku sitata, amene pa magalimoto ambiri alibe fyuzi konse. Onani pamene akukhuzana ndi chitsulo, pamene makoswe atafuna, pamene mafuta adontherapo. Onaninso zonse zimene zinawonjezedwa galimoto itachoka kufakitale, magetsi a pamwamba, wailesi, hutala, chotsatira galimoto, chifukwa chilichonse cha izi chiyenera kukhala ndi fyuzi yakeyake pafupi ndi batire. Malole ambiri a dizilo amayendera mabatire awiri opereka mavolti 24, ndipo waya wotere akagunda chasisi amafiira m'kamphindi. Ikani switchi yodulira batire, muziizimitsa madzulo alionse. Ngati mulibe, ndipo galimoto ili pa mndandanda wa zoitanidwa, masulani chingwe cha negative poyamba, chifukwa sipanala ikakhudza chitsulo cha galimoto pamenepo sithetheka.

Potsiriza, moto ukabuka muli paulendo, patukani, zimitsani injini, tulutsani anthu onse, aime mamita 30 kutali ndi galimoto ndi kutali ndi msewu. Musatsegule boneti yonse kapena kutukula kabini, pakuti mpweya ukalowa lawi limakula. Ngati moto ukadali waung'ono, poperani chozimitsira moto cha ufa kudzera pa kampata, mukuloza patsinde pa lawi. Ukafika ku thanki kapena ku matayala, usiyeni, itanani ozimitsa moto. Chozimitsiracho chikhale m'kabini, pamene dzanja la dalaivala lifika, ndipo kamuvi kake kakhale pobiriwira.

Inu amene muli ndi lole pabwalo, ndikupemphani: tengani tochi ndi cholembera madzulo ano, mukalembe nambala ya chasisi, ndipo muifufuze isananyamuke ulendo wina.