Zakudya za m'Mzinda wa Lilongwe

Ana inu, munthu akacoka pa Nsaru nalunjika cakum'mawa, afika ku Lilongwe, ndiwo mzinda waukuru wa dziko lathu. Kale malowo anali kamudzi cabe m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. M'caka ca 1904 panakhala boma, ndipo m'caka ca 1975 likuru la dziko linacoka ku Zomba ndi kudza kuno ku cigawo capakati. Pa kalembera wa 2018 anawerenga anthu 989,318 okhala mumzindamo. Talingalirani khamu lotere! Onsewo afuna kudya tsiku ndi tsiku, koma ambiri a iwo alibe munda, alibe nkhokwe, alibe ngakhale khola la nkhuku. Cakudya cao cicokera kwina, ndipo cina cicokera m'minda ya atate anu ndi amai anu.

Mlendo wofika pa msika waukuru dzuwa liri paliombo adzapeza tinyumba todyeramo tambiri, momwe amai aphika nsima m'mapoto akuru. Amthirira madzi m'manja monga ticita kwathu, namfunsa ndiwo zimene afuna. Nkhwani wotendera ulipo, nyemba zilipo, cigwada, bonongwe ndi therere ziliponso. Pa ici mwana wa ku Nsaru sadzaona cacilendo. Nsima ndiyo mfumu ya zakudya ngakhale mumzinda, ndipo kalaliki wobvala jekete, akapanda kuidya, amati wagona ndi njala.

Koma mumzinda mwasonkhana mitundu yonse ya Amalawi, ndipo mtundu uli wonse unadza ndi mphika wace. Atonga a ku Nkhata Bay ndi anthu a ku Nkhotakota akonda kondowole, ndiyo nsima ya ufa wa cinangwa. Iri yonanda ndi yolemera m'mimba, ndipo wosazolowera abvutika poitema mbamu. Ankhonde a ku Karonga aphika nthoci zaziwisi pamodzi ndi nyama ya ng'ombe. Ku Karonga komweko kucokera mpunga wa Kilombero, umene fungo lace limveka kunja kwa nyumba usanapse. Usipa, utaka ndi kampango zifika pa magalimoto kucokera ku nyanja ya Malawi, ndipo matemba acokera ku nyanja ya Chilwa. Cambo, nsomba yochuka koposa zonse, cacepa m'nyanja cifukwa ca kupha kopambanitsa, motero mtengo wace wakwera, ndipo amphawi acidya kamodzikamodzi.

M'mbali mwa miseu muli ziwaya. Ciwaya ca mumzinda ndico citsulo cacikuru cokhala ndi dzenje la mafuta pakati, ndi moto wa nkhuni pansi pace. Anyamata adula mbatata ya kacewere motalika ngati zala, naikazinga m'mafutamo, ndipo cakudyaco acichula chipisi. Kacewere wambiri acokera ku mapiri ozizira a Dedza ndi Ntcheu. Pambali pace aoca kanyenya, ndiyo nyama ya mbuzi kapena ya ng'ombe yodula nthuli zing'onozing'ono, yothira mcere ndi tsabola wa kambuzi. Chipisi ikoma pakamwa, palibe wokana. Koma mwana wodya chipisi ndi zakumwa za shuga tsiku ndi tsiku sakula bwino monga mnzace wodya nsima ya mgaiwa ndi nyemba, kapena futali wa mbatata ndi nsinjiro.

Tsono tione za alendo ocokera kutsidya la nyanja zamcere. Amwenye ndiwo anafika kale, namanga masitolo ao ku dera limene lero lichedwa Old Town. Iwo akonda zokometsera zambiri, ndizo tsabola, adyo, jinja ndi njere zonunkhira, zimene asinja pamodzi ndi kuthira m'ndiwo ndi mumpunga. M'malo mwa nsima ambiri adya capati, ndiwo mkate wopyapyala wa ufa wa tirigu wooca pa ciwaya. Samusa amene mugula pa msika wa Nsaru, wa ngodya zitatu uja, tinaphunzira kwa iwo. Amwenye ena sadya ng'ombe, ena sadya nyama iri yonse. Asilamu, kaya Amwenye kaya Ayao, sadya nkhumba, ndipo nyama yao izingidwa mwa mwambo wao. Wocereza mlendo wotere acita bwino kufunsa asanaphike.

Azungu anadza ndi buledi, ndi mwambo wa kumwa tiyi m'mawa. Tiyi tilima tokha ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo ku Mulanje anayamba kumdzala m'minda m'caka ca 1891. Koma tirigu tilima wocepa ndithu. Wambiri agulidwa kunja kwa dziko, ndico cifukwa cace mtengo wa buledi ndi mandasi ukwera pamene ndalama yathu yacepa mphamvu. Anthu a ku Italy ali ndi cakudya cochedwa pizza, mkate waukuru wozungulira ngati licero, wopaka matimati ndi cambiko colimba pamwamba pace.

Ciyambire caka ca 2008, pamene dziko lathu linalengeza ubale ndi dziko la China, anthu a kumeneko acuruka mu Lilongwe, ndipo ndiwo anamanga nyumba ya malamulo imene inatsegulidwa m'caka ca 2010. Nyumba zao zodyeramo zilipo. Iwo adula nyama ndi masamba tizidutswa, nazikazinga msanga pa moto waukali, kotero kuti masamba afika pa mbale akali obiriwira. Sadya ndi manja, kapena ndi foloko, koma atola cakudya ndi timitengo tiwiri togwira m'dzanja limodzi. Ndipo soya amene atate anu alima ndi kugulitsa pa sikelo, kwao kwenikweni ndi ku China, kumene anthu anamlima zaka zikwi zapitazo.

Anthu a ku Ethiopia ndiwo afanana nafe pa kadyedwe. Ali ndi mbeu yochedwa teff, ya njere zocepa kuposa mawere. Ufa wace aubviika masiku angapo kufikira usasa ngati thobwa logona, napanga mkate wofewa wotambalala dzina lace injera. Auyala pa mbale yaikuru, naika ndiwo pamwamba pace, ndipo onse azinga mbale imodzi, nanyema mkatewo ndi dzanja lamanja ndi kutapira ndiwo. Mcewa akaona ici akumbukira cidyerano ca kumudzi.

Pali ana ena amene akamva izi aseka, nati, Kodi munthu ndi kudya ndi timitengo? Kuseka kotere nkwa munthu wosayenda. Mlendonso adabwa poona ife tikudya mbewa ndi ngumbi, ngakhale ziri ndiwo zabwino zomanga thupi. Koma pali ana enanso, ndipo awa ndiwo andimvetsa cisoni koposa, amene akakhala ku tauni miyezi itatu abwera kumudzi akunyoza mfutso wa agogo ao, nayesa kuti cakudya ca m'pepala ndico ca anthu ophunzira. Onse awiri sadziwa mbiri ya mbale imene adyeramo.

Mvetsetsani tsono. Cimanga cimene tiyesa cathucathu ciri mlendo. Kwao ndi ku Mexico, ku America, ndipo cinafika ku Africa pa zombo za Apwitikizi citapita caka ca 1500. Makolo athu akale ndithu anali kudya nsima ya mapira ndi ya mawere, ndi ndiwo za khobwe ndi nzama, pakuti izi ndizo mbeu za Africa. Cinangwa, nsawa, mbatata, maungu, nyemba, matimati ndi tsabola zonse zinacokera ku America. Dzina lomwe la mbatata liri mau a Apwitikizi, pakuti iwo amati batata. Mango anacokera ku India. Tsono mai akatendera nkhwani ndi nsinjiro, nathira matimati, napakula nsima ya cimanga, mbeu zonse za pa mphasapo nzacilendo, koma kaphikidwe nkathu. Akuru anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo makolo athu sanacite manyazi kumeta nako.

Komabe anataya kanthu pamene anasiya mapira ndi kudalira cimanga cokha. Mapira ndi cinangwa zipirira cilala, koma cimanga cifota msanga mvula ikadula pa nthawi ya ngaiyaye. Pa njala ya 1949 ndi ya 2002 anthu anafa, ndipo mabanja okhala ndi mbeu zina za kumbali anapeza pothawira.

Mumzinda munthu adya cophika munthu amene samdziwa, ndipo pamenepo pali ngozi. M'zaka za 2022 ndi 2023 nthenda ya kolera inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo m'mwezi wa January 2023 masukulu a mu Lilongwe ndi Blantyre anacedwa kutsegulidwa cifukwa ca nthendayo. Kolera iyenda m'madzi onyansa ndi m'cakudya cogwidwa ndi manja osasamba. Cifukwa cace mukapita ku tauni, gulani cakudya cakupsa cikali cotentha, pewani cimene nchenche zatera, ndipo sambani m'manja ndi sopo, madzi akuthiridwa, osati m'beseni limodzi nonse.

Mlimi nayenso ali ndi mangawa kwa wodya wa mumzinda. Nsawa za dera lathu lino zipita ku misika ya Lilongwe, kumene azisinja nsinjiro, azikazinga, kapena azipera ciponde ca m'mabotolo. Alimi ena awaza madzi pa makoko kuti asabvutike poswa, ndipo ena asunga nsawa zisanaume bwino. Pamenepo cuku cimera pa njere, ndipo m'cukumo muli ululu umene sutha ndi moto. Uononga ciwindi pang'onopang'ono, nupinimbiritsa ana. Cifukwa ca cuku comweco maiko a ku Ulaya akana nsawa zosayesedwa. Pamene amai anu akutumani kusankha nsawa, tayani zonse zofwapa, zakuda ndi zowawa, ndipo musazipatse ngakhale nkhuku. Mwana amene adzadya phala la nsinjirozo ku Kawale kapena ku Mchesi simudzamuona nkhope, koma ali wa msinkhu wa mng'ono wanu.

Mafunso

1. Likuru la dziko linacoka kuti, ndipo linafika ku Lilongwe m'caka citi?
2. Chulani mbeu zitatu zimene kwao ndi ku Africa, ndi zitatu zocokera ku America.
3. Kodi kadyedwe ka anthu a ku Ethiopia kafanana bwanji ndi kathu?
4. Funsani agogo anu ngati anadyapo nsima ya mapira, ndipo mulembe zimene akuuzani.