Sukulu Ikatsekedwa, Mwana Aziphunzira Bwanji Pakhomo?

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'Malawi muno zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. A Sitandade 8 ndi Fomu 4 anabwerera m'kalasi pa 7 Sepitembala, ena onse mu Okutobala. Mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anatseketsa sukulu za kum'mwera, zina n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Choncho kuphunzirira pakhomo kudzatipezanso, ndipo ndi bwino kukonzekeratu.

Mukacheza ndi ana amene anadutsa m'nyengo zimenezi, mumva za netiweki yovuta, za magetsi othimathima, za bandulo yotha phunziro lili pakati. Zonsezo n'zoona. Koma chimene ndimaona kuti chimagwetsa ana ambiri ndi nthawi. Pakhomo, mwana akakhala pansi ndi kope amaoneka ngati alibe chochita. Uyu amutuma mchere kugolosale, uyo amupatsa mwana woti abereke, winanso akuti athamangire kuchigayo. Pofika madzulo tsamba likadali lomwe lija.

Ndiye yambirani pamenepa. Khalani pansi banja lonse, agogo ndi amalume omwe, mugwirizane maola amene mwanayo ali "kusukulu" ngakhale mukumuona pakhonde. Wa sekondale mupatseni maola atatu pa tsiku. Wa Sitandade 5 mpaka 8 awiri akwana. Wamng'ono wa Sitandade 1 kapena 2 musamuumirize: theka la ola m'mawa, theka lina masana, basi. M'nyengo yolima, pamene manja onse akufunika kumunda m'mamawa, ikani maolawo masana mukatha kudya nsima, kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko. Kuwala kwa dzuwa n'kwaulere, ndipo mwana amene wapalira, watunga madzi, waphika, simungamuyembekezere kuti awerenge usiku osasinza.

Apa ndikupempheni inu amayi ndi abambo, muyang'anitsitse mwana wamkazi. Ntchito za pakhomo zimakonda kumugwera iye, mlongo wake ali pansi pa mtengo ndi buku. Gawani ntchito mofanana. Mnyamata angathe kupita kumjigo, angathe kutsuka mbale. Ndipo maola ogwirizana aja akakwana, mphika muugwire ndinu.

Malo asakuvuteni. Simufunika chipinda chapadera. Mpando ndi katebulo pakhonde, kapena mkeka pamthunzi ndi thabwa loika pamiyendo, n'zokwanira, bola akhale malo omwewo tsiku lililonse, kutali ndi kanema ndi macheza a alendo. Pabedi ayi, pamabwera tulo. Makope ndi mabuku azisungidwa m'jumbo kapena m'ndowa yotseka, chifukwa chiswe, makoswe ndi denga lodontha sizisankha kuti ili ndi buku lobwereka.

Musanagule chilichonse, pitani kwa aphunzitsi ake kapena aimbireni. Afunseni mitu imene kalasi inayenera kuphunzira teremu imeneyo, muilembe papepala. Popanda zimenezi mwana amangobwereza phunziro limene amalikonda, Masamu n'kumawazemba. Kuchokera pa mitu imeneyo lembani ndandanda ya sabata, muimate pakhoma. Maphunziro atatu pa tsiku ndi okwana. Lililonse litenge mphindi 40, kenako apume mphindi 10, adzuke, amwe madzi. Lovuta lizikhala loyamba mutu ukadali wopepuka. Wa Fomu 4 asadumphe Chingerezi ngakhale tsiku limodzi, pakuti akachilephera satifiketi ya MSCE sailandira, ngakhale maphunziro enawo atakhoza bwino.

Cholakwika chimene ana ambiri amachita ndi kungoyang'ana m'kope maso ali yuu, n'kumati akuwerenga. Muuzeni kuti akawerenga tsamba atseke buku, alembe zimene wakumbuka, kenako atsegule aone zimene wasiya. Masamu ndiye sawerengedwa n'komwe, amasovedwa ndi pensulo. Chimene chamukanika achilembe kumapeto kwa kope kuti adzafunse.

Wailesi musaipeputse. Mu 2020 Unduna wa Zamaphunziro unkaulutsa maphunziro a pulayimale pa MBC, ndipo ana a kumudzi ambiri njira yawo inali imeneyo. Mapulogalamu otere akamaulutsidwa, dziwani nthawi yake, mwana akhale pansi mphindi zisanu isanakwane, kope ndi bolopeni zili m'manja. Mphunzitsi wa pawailesi sabwereza ukamuphonya. Mabatire muzisungira nthawi imeneyo. Mpira mukamvera kwa aneba.

Tsopano za foni, pamene ndalama zimathera. Aphunzitsi ambiri amatumiza manotsi pa gulu la WhatsApp, ndipo pa zimenezi bandulo ya WhatsApp yokha ya Airtel kapena TNM imatsika mtengo kuposa ya intaneti yonse. Lowani m'masetingi a WhatsApp mutseke zoti zithunzi ndi mavidiyo zizidzitsitsa zokha, apo ayi bandulo ya sabata idzatha ndi mavidiyo a nthabwala a m'magulu ena. Mavidiyo ndiwo amadya kwambiri: ola limodzi la phunziro pa YouTube, chithunzi chili chowala bwino, lingamalize 1GB yonse, pamene mukachitsitsa kufika pa 240p limadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a imeneyo, mawu n'kumamveka bwinobwino. Chimene mwatsitsa kamodzi musachitsitsenso. Chisungeni pa memori khadi, anzake atengerepo pa Bluetooth popanda kulipira.

Ngati foni ndi imodzi, ya abambo kapena amayi, musadandaule. Mwana aigwire theka la ola madzulo, akopere manotsi m'kope, atumize ntchito yake, aibweze. M'mawa aziphunzira kuchokera m'kopemo. Kukoperako n'kuphunziranso, ndipo kope silitha moto magetsi akazima. Foni isagone ndi mwana. Muzionanso amene akucheza naye, chifukwa pali akuluakulu opanda khalidwe amene amayamba ndi kugulira mtsikana mayunitsi.

Chenjeraninso ndi anthu a m'magulu amene amati akugulitsa mayeso otuluka. Ambiri ndi akuba, mukatumiza ndalama nambala imazima. Ngakhale atakhala enieni, mapeto ake ndi misozi: mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa anabedwa, ana onse, olakwa ndi osalakwa, n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Ndalamayo fotokopetsani mapepala a mayeso akale a MANEB. Loweruka lililonse mwana alembe pepala limodzi, buku lili lotseka, inu mutagwira wotchi monga momwe nthawi yalembedwera pamwamba pa pepalalo.

Pa bajeti ya mwezi ikanipo zinthu zinayi: bandulo, kutchajitsa foni ngati kwanu kulibe magetsi, makope ndi mabolopeni, ndi kufotokopa. Ndalama zikachepa, yambani ndi makope. Mukapeza yapadera, monga mutagulitsa mtedza kapena soya, gulani kanyali ka sola. Mumalipira kamodzi, pamene makandulo mumagula usiku ndi usiku, komanso kandulo pafupi ndi neti ya udzudzu, mwana atasinza, ndi ngozi ya moto.

Pali china chimene ana sanena msanga: kusungulumwa. Kusukulu kuli anzawo, kuli kuseka, kuli womufunsa ukasokonezeka. Pakhomo mwana amatha kungoti zii, chilakolako cha sukulu n'kumazilala. Mupezereni anzake awiri kapena atatu a kalasi imodzi, azikumana kawiri pa sabata pakhomo pamene pali munthu wamkulu. Akaposa anayi amasanduka macheza. Ngati sukulu yatsekedwa chifukwa cha matenda, akhale panja motalikirana, asambe m'manja ndi sopo, ndipo mutsate zimene azaumoyo anena. M'mudzi simulephera kukhala wina amene anamaliza Fomu 4 kapena mphunzitsi wopuma. Mupempheni ola limodzi pa sabata, mumuthokoze ndi chimene muli nacho.

Mwina mukuti, "Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndimuthandiza bwanji?" Mungathe. Madzulo mufunseni kuti, "Lero waphunzira chiyani? Tandifotokozera m'Chichewa." Akafotokoza momveka, wamva. Akamangozungulira, mawa abwereze. Muuzenso kuti azilemba deti pamwamba pa ntchito ya tsiku lililonse, inu muziona ngati masamba akuwonjezeka. Mukapeza tsiku lopanda kanthu, funsani chifukwa musanakalipe. Nthawi zina amene munamutuma ndinu nomwe.

Sukulu ikatsegulidwa, apite tsiku loyamba lomwelo, atatenga kope lija la mafunso omukanika kuti akaonetse aphunzitsi. Amene wazolowera ganyu kapena kugulitsa mandasi mumuperekeze nokha. Ndipo ngati mtsikana watenga pakati m'nyengo yotsekerayo, musamuthamangitsire kubanja. Ndondomeko ya Unduna wa Zamaphunziro imamulola kubwerera m'kalasi akabereka. Kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi amayi a mother group a pasukulupo, kuti malo ake asungidwe.