Kuitana apongozi a ku Russia kuti adzaone mdzukulu

Mwana wabadwa, koma agogo ake ali ku Kazan, akungomuonera pa foni. Ndikulankhula ndi inu achimwene amene munakwatira mwana wa ku Russia ndipo tsopano mukukhala ku Germany kapena dziko lina la Schengen. Chiyambireni nkhondo ya ku Ukraine mu February 2022 khomo linapapatira, koma kwa achibale silinatsekedwe. Chimene chidzalitsegule ndi mapepala osonyeza ubale, choncho musayambire pa tikiti ya ndege.

Yambirani pa pasipoti. Auzeni apongozi aitulutse m'kabati, aijambule, akutumizireni. Ku Russia kuli mapasipoti awiri oyendera kunja, ya zaka 5 ndi ya zaka 10 yokhala ndi kachipangizo kosunga zidindo za zala. Mayiko ena, monga Czech Republic ndi Denmark, anasiya kulandira ya zaka 5 ija. Ngati ali ndi imeneyo, akatenge yatsopano musanachite china chilichonse. Onaninso kuti ikhale ndi masamba awiri osadindidwa, ndipo isathe mphamvu pasanadutse miyezi 3 kuchokera tsiku limene adzabwerere kwawo.

Tsopano mapepala a ubale, ndipo apa ndi pamene ambiri amaterereka. Kalata ya kubadwa ya akazi anu ndi imene imasonyeza kuti awa ndi mayi awo. Koma ngati akazi anu anatenga dzina lanu la Banda kapena Phiri, kalatayo payokha sikwanira, chifukwa dzina lili pamenepo ndi lakale. Ikaninso mtchatho wa ukwati kuti wa ku ofesi aone mmene dzina linasinthira. Makalata a Chirasha awamasulire munthu wovomerezeka ndi boma, osati mnzanu wa kuntchito, ngakhale atakhala katswiri wotani. Akamaliza, khalani pansi ndi akazi anu, mufananize dzina la apongozi chilembo ndi chilembo ndi mmene lalembedwera m'pasipoti. Mayina a Chirasha akamalembedwa m'zilembo zathuzi amatuluka mosiyanasiyana, Natalia apa, Nataliya apo, ndipo kachilembo kamodzi kangakubwezeni.

Kenaka kalata yowaitana. Ku Germany mupita ku ofesi yoona za alendo ya m'tauni yanu kukasaina pepala lotchedwa Verpflichtungserklärung, lolonjeza kuti chakudya, pogona ndi zina zonse za mlendo zili pamutu panu. Mulipira mayuro 29, ndipo mutenge mapepala a malipiro anu a miyezi yapitayi. Pemphani tsiku msanga, poti m'matauni akuluakulu mzere ndi wautali.

Za ndalama tinene mosabisa. Kale munthu wa ku Russia ankalipira mayuro 35 pa viza, koma mgwirizano wochotsera mtengowo unaimitsidwa mu September 2022, ndipo kuyambira June 2024 viza ndi mayuro 90. Pamwamba pake pali ya ofesi yolandira mafomu, ya womasulira, ndi ya inshuwalansi ya chipatala yotha kulipira mayuro osachepera 30,000. Yankho limayenera kutuluka m'masiku 15, koma lamulo limalola mpaka masiku 45. Mafomu amayamba kulandiridwa kutatsala miyezi 6 kuti ulendo uchitike, ndiye ngati mukufuna agogo adzakhalepo pa ubatizo, musadikire mwezi womaliza. Ngati sanadindepo zala m'zaka 5 zapitazi, ayenera kukaonekera okha.

Viza ikatuluka, ndiye gulani tikiti. Ndege yochoka ku Moscow kulunjika ku Berlin kulibe. Adzadzera ku Istanbul, Belgrade kapena Yerevan. Njira ya pansi yodzera ku Finland musaiwerengere, malirewo anatsekedwa kumapeto kwa 2023. Makadi a Visa ndi Mastercard a mabanki a ku Russia sagwira ntchito kunja chiyambire March 2022, choncho tikiti muwagulire ndinu, ndipo anyamule ndalama pang'ono m'manja zogulira tiyi pa bwalo la ndege. Munthu wamkulu wosadziwa chinenero asinthe ndege kamodzi kokha, ngakhale tikitiyo ikwere mtengo. Mapepala onse aja aike m'chikwama cha m'manja, chifukwa pa malire angawafunsenso.

Chomaliza ndikupempheni ndi mtima wonse. Viza yochezera ndi masiku 90 pa masiku 180 alionse, ndipo nthawi zina amapereka ochepa kuposa apo. Werengani zimene zalembedwa pa vizayo. Mdzukulu akayamba kuseka, agogo sadzafuna kuchoka, nanunso mudzati angowonjezerako sabata imodzi. Musatero. Akapitirira masiku, ulendo wotsatira angawakanize, ndipo viza yochezera si njira yosamukira. Lembani tsiku lonyamuka pa kalendala ya kukhitchini tsiku lomwe afika.