Makina Oyang'ana M'mimba mwa Kavalo ndi Bulu

Akavalo ndi ochepa m'dziko muno, koma abale awo, abulu, ali ambiri m'midzi ya ku Lilongwe ndi ku Dedza. Iwo amakoka ngolo za chimanga, nkhuni ndi ndiwo zamasamba zimene zimagulitsidwa pa Msika wa Lilongwe. Bulu wamkazi amakhala ndi bere miyezi 12, ndipo kavalo miyezi 11. Chifukwa chache mlimi akaphonya nthawi yokweretsa, amachedwa kwambiri kupeza mwana woti adzalowe m'goli.

KODI MAKINAWO AMAONA CHIYANI?

Makina a sikani, onga aja opimira amayi oyembekezera ku chipatala, amatumiza phokoso losamveka ndi makutu a munthu. Phokosolo likagunda ziwalo za m'kati limabwerera, ndipo limasanduka chithunzi pa galasi. Akatswiri a ku France, Palmer ndi Driancourt, anaonetsa ntchito yache pa akavalo m'chaka cha 1980. Dokotala wa ziweto amavala chovala cha m'manja, nalowetsa kachipangizo kache ku njira ya ndowe, ndipo amaona zinthu zitatu:

1. Timatumba ta mazira. Kathumba ka kavalo kakakula kufika mamilimita 35 kapena 40, dzira lili pafupi kutuluka. Imeneyo ndiyo nthawi yokweretsa.

2. Chiberekero. Mukakhala madzi kapena mafinya, pali matenda, ndipo kukweretsa nkutaya nthawi kufikira atachiritsidwa.

3. Bere. Limaoneka patapita masiku 14 okha. Mapasa amadziwikanso msanga, ndipo nkofunika kutero, popeza mapasa a kavalo kawirikawiri amafera m'mimba.

NYENGO YOSWANA

Ku maiko ozizira akavalo amaleka kufuna amuna m'nyengo ya chisanu, ndipo amayambanso masiku akamatalika. Poyamba kavalo amaonetsa zizindikiro koma osatulutsa dzira, ndipo mwini wosadziwa amakweretsa pachabe. Makina ndiwo amathetsa chikayiko chimenechi. Kuno kwathu usana susiyana kwambiri chaka chonse, tsono abulu amaswana nthawi iriyonse ngati akudya bwino.

MLIMI WOPANDA MAKINA ACHITE CHIYANI?

Makinawa ndi a mtengo wapatali, koma maso a mlimi ndi aulere. Bulu wofuna mwamuna amayasamula ndi kutafuna ngati akudya, amagonetsa makutu kumbuyo, ndipo amakodza pafupipafupi. Zimenezi zimabwereza pakapita masabata atatu kapena kuposa pang'ono. Mlimi ayenera kulemba tsiku lokweretsa. Zizindikiro zikapanda kubweranso, mwina bulu watenga bere, ndipo ayenera kupatsidwa msipu wokwanira ndi madzi, ndi kupumula pa ngolo miyezi yotsiriza.

Bulu akalephera kutenga bere kawiri kapena katatu, mwini akaonane ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lache. Madokotala a ziweto tsopano amaphunzira kuno komwe, pa sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda. Aphunzitsi awerengere makolo ndi ana a sukulu nkhani iyi.