Paipi ya chiwongolero ingathe kuwotcha galimoto

Uthengawu ndi wa inu madalaivala a minibasi ndi mapikapu akale amene mumapatuka pa msewu wa M3 kulowera ku Domasi Mission. Lero tikambe za paipi ya mafuta a chiwongolero, ija amakaniko amati ya pawa sitiyaring'i.

Galimoto zambiri zatsopano chiwongolero chake chimayendera magetsi. Koma Hiace ndi Hilux zakale zili ndi pampu yomwe imakankha mafuta ofiira aja m'paipi. Mphamvu yake imapitirira 1,000 psi, pomwe tayala la galimoto yaying'ono timalipopa cha m'ma 32 basi. Paipi ikakalamba n'kubooka kabowo ngati ka singano, mafuta amapopera ngati utsi. Akagwera pa ekizosi, pamene pamatentha kupitirira madigiri 400, moto ungabuke pomwepo.

Ndiye muzichita chonchi. M'mamawa injini isanalire, tsekulani boneti kapena chivindikiro cha injini, mutsate paipiyo ndi dzanja kuchokera pa pampu mpaka pansi. Samalani kwambiri pomwe labala wakumana ndi chitsulo, chifukwa kuwonongeka kumakonda kuyambira pamenepo. Mukaona pakunyowa, ming'alu, kapena potupa, paipiyo yatha. Ikauma gwa ngati mtengo, yathanso. Onaninso ngati sikukhudzana ndi chitsulo china, pakuti kugwedezeka kwa m'misewu yathu yamabampu kumaiperepesa pang'onopang'ono. Fumbi lomata paipi ngati phala nalonso likukuuzani kuti pakutuluka mafuta.

Injini ikulira musafufuze bowo ndi chala, chonde. Mafuta amenewa angathe kulowa m'khungu.

Tsopano apa ndi pamene ambirife timalakwitsa. Paipi yatuluka mafuta, munthu n'kutenga malegeni, kumanga, n'kunyamuka ulendo wa ku Songani. Malegeni n'ngomangira katundu pa njinga, abale anga, sangagwire mphamvu imeneyi. Paipi ya petulo nayo siloleka. Gulani yake yeniyeni, kapena pitani kwa odziwa kufinya mapaipi a hayidiloliki ndi makina. Ndipo pothira mafuta, werengani zomwe zalembedwa pa chotsekera cha mothira mafutamo. Mafuta a mabuleki amawononga labala wa mmenemo.

Pokhota potembenuka, musakanikize chiwongolero kumapeto kupitirira masekondi 5. Mukamva pampu ikulira mokhuta, bwezani pang'ono.

Nanga utsi ukatuluka pa boneti? Imani pambali, zimitsani injini, tulutsani anthu onse apite kutali. Boneti musaitsekule yonse, mphepo idzaukolezera motowo. Ingoidumphitsani pang'ono, mulowetse mlomo wa chozimitsira moto cha ufa pampatapo. Madzi ayi, amangomwaza mafuta oyakawo. Ngati chozimitsira mulibe, mchenga ndi dothi n'zabwinoko. Galimoto yozimitsa moto iyenera kuchokera ku khonsolo ya mzinda wa Zomba, choncho chozimitsira chanucho chikhale pafupi ndi mpando wa dalaivala, ndipo kamuvi kake kakhale pobiriwira.